AMD kapena Intel: posankha purosesa ndi motherboard zodalirika

Munthu amene akudzimangira yekha kompyuta amasankha purosesa (ubongo wa kompyuta) ndi motherboard (bolodi lalikulu limene zida zonse zimalumikizidwapo) nthawi imodzi, chifukwa purosesa iliyonse imalowa m'soketi (malo ake okhala pa motherboard) ya mtundu umodzi wokha, ndipo soketiyo ndi imene imalamula mtundu wa RAM (memori yogwirira ntchito ya kompyuta) yogula komanso kutalika kwa nthawi imene makinawo angalandire zida zatsopano. N'chifukwa chake ndikuona kuti poyerekeza AMD ndi Intel, makampani awiri opanga mapurosesa, tiyenera kuyambira pa soketi tisanayang'ane liwiro lolembedwa pabokosi.

Pa nkhani ya kukhalitsa kwa soketi, AMD ili patsogolo. Soketi yake ya AM4 inatuluka mu 2016 ndipo inalandira mapurosesa a Ryzen kuyambira oyamba a 2017 mpaka a Ryzen 5000, moti ambiri amene anagula motherboard kumayambiriro anangoikamo BIOS (pulogalamu ya m'motherboard yoyambitsa kompyuta) yatsopano n'kusintha purosesa yokha patapita zaka. Soketi ya AM5 inabwera mu 2022, imalandira RAM ya mtundu wa DDR5 yokha, ndipo kampaniyi inalonjeza kuti ipitiriza kuipangira mapurosesa mpaka 2027 ngakhalenso kupitirira. Intel imasintha soketi pafupipafupi. LGA1700 ya mu 2021 inatumikira mibadwo itatu ya mapurosesa, wa 12, wa 13 ndi wa 14, kenako mu 2024 kunabwera LGA1851 imene silandira mapurosesa akalewo. Komabe LGA1700 ili ndi ubwino wina umene AM5 ilibe: pali ma motherboard ake a DDR4 ndi ena a DDR5, choncho amene ali kale ndi RAM yabwino ya DDR4 sakakamizidwa kuisiya. Angokumbukira kuti kawirikawiri motherboard imodzi imalandira mtundu umodzi basi.

Makampani onsewa anapunthwapo, ndipo wogula ayenera kudziwa zimenezi. Mu 2023 mapurosesa ena a Ryzen 7000, makamaka okhala ndi zilembo za X3D kumapeto kwa dzina, anapsa m'soketi chifukwa ma motherboard ankawapatsa magetsi ochuluka, ndipo AMD inakonza vutoli poika malire a mavoti 1.3 kudzera mu BIOS yatsopano. Vuto la Intel linali lalikulu kuposa pamenepa. Mu 2024 kampaniyi inavomereza kuti mapurosesa ake ena a m'badwo wa 13 ndi wa 14 ankapempha magetsi opyola muyezo n'kumawonongeka pang'onopang'ono, moti mapulogalamu ankangotsekeka okha. Inatulutsa microcode (kapulogalamu kolamulira kagwiridwe ka ntchito ka purosesa) yoteteza, n'kuwonjezera zaka 2 pa waranti, koma purosesa imene yawonongeka kale sichira ndi microcode imeneyo. Pachifukwa chimenechi sindingalangize munthu kugula purosesa ya mibadwo iwiriyi yogwiritsidwapo kale ntchito, pokhala palibe njira yodziwira ndi maso mmene inavutikira. M'badwo wa 12 sunakhudzidwe ndi vutoli ndipo ukadali wodalirika. Kaya mwasankha mbali iti, ikani BIOS yatsopano tsiku lomwe mwamaliza kumanga.

Kusiyana kwina kumaonekera m'manja pomanga. Pa AM4 timapini tili pa purosesa, ndipo mafuta otulutsira kutentha akauma amamatiza purosesayo ku choziziritsira, moti mukakoka mwamphamvu imazuka nayo limodzi n'kupinda timapini. Ndi bwino kuyamba mwayatsa makina kwa mphindi zingapo kuti atenthe, kenako muwazimitse n'kupotoza choziziritsiracho pang'ono musananyamule. Pa AM5 ndi pa Intel timapini tili m'soketi ya motherboard, ndi tosalimba kwambiri, ndipo purosesa imangokhazikidwa pamwamba mofatsa, kachizindikiro ka makona atatu katalunjika kanzake.

Kwa amene akuyamba wopanda chida chilichonse ndipo akufuna makina oti azidzawonjezera mphamvu m'tsogolo, ine ndingasankhe AM5. Amene ali ndi DDR4 kapena ndalama zomuchepera angatenge AM4 kapena Intel ya m'badwo wa 12, ndipo wokonza mavidiyo ali ndi chifukwa chomveka chokondera Intel, popeza Quick Sync, gawo la m'purosesa za Intel lothandiza pa mavidiyo, imafulumiza ntchito imeneyi. Iye asamale ndi mapurosesa a Intel okhala ndi chilembo cha F kumapeto, chifukwa alibe Quick Sync ndipo satulutsa chithunzi popanda khadi ya zithunzi yapadera, monganso mapurosesa a Ryzen 5000 opanda chilembo cha G.