Kosi ya 3D yokonza m'kati mwa nyumba: mavidiyo ali bwino, koma foda ya mipandoyo musaikhulupirire

Kosiyi ndikuipatsa nyenyezi zitatu, ndipo ndikanalemba mkwiyo usanatsike ndikanapereka imodzi.

Ndinagula phukusi la ophunzira lija, la mavidiyo ophunzitsa kujambula chipinda mu 3D limodzi ndi foda ya mipando yopangidwa kale, pa mtengo wotsitsa uja amaulengeza ngati utha mawa koma chaka chonse uli pompo. Chimene chinandikopa ine si mavidiyo, ndi lonjezo loti mipando, makabati ndi nyali zonsezo zimalowa mu pulogalamu iliyonse. Bodza lamkunkhuniza.

Mafayilo ambiri mu fodamo ndi a .max. Fayilo ya .max imatseguka mu pulogalamu ya 3ds Max mokha, ndipo 3ds Max imayenda pa Windows pokha. Ndi zoona kuti Autodesk, kampani yopanga 3ds Max, imapereka laisensi yaulere ya chaka chimodzi kwa ophunzira a sukulu zovomerezeka, koma nsalu ndi matabwa a mipandoyi anawakonzera V-Ray, pulogalamu yowonjezera yotulutsira chithunzi chomaliza (render), imene imafuna laisensi inanso. Ambirife timaphunzira ndi SketchUp chifukwa khoma umangolikoka n'kuimirira, kapena ndi Blender, yomwe yakhala yaulere kuyambira 2002. Ogulitsawa amadziwa bwino lomwe amene amagula phukusi lolembedwa kuti "la ophunzira". Anangosankha kusanena.

Choncho ndinatsala ndi kafoda kakang'ono ka mafayilo a OBJ, mtundu umene Blender imatsegula, ndipo m'menemo ndi momwe munali sofa inandilembetsa ndemangayi.

Ntchito ya kusukulu inali yokonza chipinda chochezera cha mamita 4 kwa 5. Makoma ndinali nditamanga, zenera lili m'malo mwake, matailosi ndayala. Ndinalowetsa sofa mu Blender, sikirini yonse inangoti bii. Chipinda changa osaoneka. Ndinabwerera m'mbuyo ndi mbewa, kubwerera, kubwererabe, mpaka ndinaona kuti chimene chandiphimbacho ndi mwendo wa sofa. Sofa ya masentimita 220 inalowa ili mamita 220, chipinda changa chili pansi pake ngati kabokosi ka machesi. Chifukwa chake n'chodziwika: fayilo ya OBJ siisunga muyeso, imangosunga manambala. Wopanga anayeza m'masentimita, Blender inawerenga m'mamita, ndiye chinthu chinakula ka 100. Zikanakhala zonse choncho ndikanangochepetsa zonse mofanana n'kupitiriza ntchito. Koma tebulo lodyera anayeza m'mainchesi, ndiye linafunika kuchulukitsa ndi 2.54 kuti nambala yake 30 ikhale masentimita 76 amene tebulo limakhala nawo. Mpando wina unali m'mamilimita. Palibe pepala lililonse mu fodamo lonena kuti ichi chili m'muyeso wakuti. Zikuonekeratu kuti anangotola mafayilo kwa anthu osiyanasiyana n'kuwaunjika pamodzi osatsegula ngakhale imodzi.

Nditaichepetsa, sofayo inatuluka yapinki yowala. Amene mumagwiritsa ntchito Blender mukuudziwa mtundu umenewu: ndi pamene pulogalamu yasowa chithunzi cha texture, chija chimavekedwa pa chinthu kuti chioneke ngati nsalu kapena thabwa. Ndinatsegula fayilo ya MTL imene imayendera limodzi ndi OBJ n'kunena komwe kuli zithunzizo, ndipo ikuloza ku foda ya pa kompyuta ya munthu wina, pa drive D yake. Ndinayesa Find Missing Files, chida cha Blender chofufuzira mafayilo osowa, osapeza kanthu, chifukwa zithunzizo sanaziikemo n'komwe. Kuwonjezera apo sofa imodziyo inali ndi ma polygon (tizidutswa timene timapanga chinthu cha 3D) oposa miliyoni, ulusi uliwonse wa msoko anaupanga paokha. Laputopu yanga inayamba kuwomba fani ngati ikufuna kuuluka, kutembenuza chipinda pang'ono pokha kumatenga nthawi yoti munthu n'kuiwala chimene amafuna kuona. Decimate, chida chochepetsera ma polygon, inachepetsa kulemerako koma mapilo anakwinyika moipa.

Ndinawalembera ogulitsawo mwaulemu, n'kutumiza zithunzi za sikirini komanso fayilo ya MTL ija. Bambo amene amayankha makasitomala anandiyankha mzere umodzi: kuti vuto ndi kompyuta yanga, ndigule yamphamvu. Bambo inu, kompyuta yamphamvu ibweretsa bwanji chithunzi chomwe chili pa drive D ya munthu wina? Nditafunsanso, ananditumizira linki ya vidiyo yoyamba ya kosi yomweyo, yophunzitsa kuika pulogalamu pa kompyuta. Za kubweza ndalama anati sizitheka chifukwa ndinatsitsa kale mafayilo. Nanga ndikanadziwa bwanji kuti ndi owonongeka ndisanawatsitse? Mpaka lero ndikaona dzina lawo mu imelo mtima umandiwawa, makamaka poti amanditumizirabe uthenga woti ndigule phukusi lachiwiri.

Koma chilungamo chiyende. Mavidiyowo, makamaka gawo la kuwala ndi kamera, ndi abwino kwambiri, ndipo mayi amene amaphunzitsa gawo limeneli akuoneka kuti sakudziwa zimene anzawo akugulitsa m'dzina lawo. Amayamba ndi kukuuza kuti uzimitse nyali zonse, usiye kuwala kolowa pazenera kokha, uone kaye pamene mthunzi ukugwera, kenako uziwonjezera nyali imodziimodzi. Kwa iwo ndi komwe ndinamvetsa manambala a Kelvin: babu la 2700K limatulutsa kuwala kofiirira kokhala bwino m'chipinda chogona, 4000K ndi koyera bwino kukhitchini, pomwe 6500K ndi ngati kuwala kwa masana. Anaonetsa khoma limodzi lopaka utoto wotuwa pansi pa mababu atatuwa, ndipo limaoneka ngati makoma atatu osiyana. Wophunzira amene waona zimenezi sangasankhenso utoto asanafunse za nyali. Amaphunzitsanso mafayilo a IES, amene makampani opanga nyali amapereka kuti kuwala kwa mu render kumwazike ngati mmene nyali yeniyeniyo imachitira.

Za kamera nazo zinasintha ntchito yanga. Ndinkadabwa kuti bwanji makoma anga amaoneka ngati akugwa. Mayiwa amati kamera isapendekere m'mwamba kapena pansi, iime chilili kuti mizere ya makoma ikhale yowongoka, ndipo uitsitse pang'ono kuchoka pa msinkhu wa maso kuti mipando ioneke bwino. Amakakamiranso miyeso ya thupi la munthu: pokhala pa mpando pafupifupi masentimita 45 kuchokera pansi, kauntala ya kukhitchini pafupifupi 90, ndipo usajambule chinthu chokongola chimene munthu sangadutse pambali pake. Zoseketsa n'zakuti miyeso yomweyi ndi imene inandithandiza kukonza mipando yawo yosokonekera ija. Gawo la mapulani ndi lalifupi ndipo amalithamangitsa. Mawu a m'mavidiyo ena ndi otsika.

Sofa ija ndinaitaya. Chipindacho ndinamalizitsa ndi zinthu zaulere: matabwa, nsalu ndi ma HDRI (zithunzi zozungulira zopereka kuwala) a pa webusayiti ya Poly Haven, matailosi a pa webusayiti ya ambientCG, zonse za laisensi ya CC0 yoti sulipira ndipo palibe amene angakuvutitse ukaziika mu portfolio. Amene mumagwiritsa ntchito SketchUp muli ndi 3D Warehouse, komwe makampani ena a mipando amaika katundu wawo weniweni ndi miyeso yake, ngakhale nakonso muziyang'ana kukula kwa fayilo musanatsitse. Amene mukungoyamba kumene ndipo kompyuta yanu ndi yofooka, Sweet Home 3D ndi yaulere ndipo ikukwanirani pophunzira kuika mipando pa pulani.

Ngati akugulitsabe mavidiyo paokha, gulani amenewo. Phukusi lonse musagule pokhapokha atakutumizirani fayilo imodzi yoyesera ya FBX kapena glTF, mitundu imene imatseguka m'mapulogalamu ambiri, muitsegule pa kompyuta yanu, muyeze kutalika kwake, muone ngati nsalu yabwera nayo. Ine anandilonjeza kuti mafayilo a FBX akubwera posachedwa, ndipo foda yake mu akaunti yanga ikadali yopanda kanthu.