Nyenyezi zitatu kwa mphwanga wobena mafilimu, ziwirizo wazidya DJ wake

Ndadikira sabata yonse ndisanalembe izi chifukwa ndikanalemba tsiku lomwelo bwenzi nditatukwana mwana wa eni. Dzina sinditchula, ena mukumudziwa kale, kashopu kaja ka mtauni muno komwe sipika yake imayamba kulira 7 m'mawa mpaka mdima, mwini wake akawerenga adzizindikira yekha. Mitengo ndi yomwe ija mukuidziwa, filimu payokha, nyimbo amawerengera pa foda, flashi ubwere ndi yako apo ayi ugule yake yolembedwa 32GB koma zam'kati mwake akudziwa ndi Mulungu.

Ine ndimaimba kiyibodi mu kwaya ya kutchalitchi kwathu ku Chiputula, ndiye matenda anga akunyumba amawadziwa, tikamaonera filimu khutu langa limakhala kwa oimba, nkhaniyo ndimachita kufunsa pambuyo kuti kodi uyu wafa bwanji. Mwana wanga wamkazi ali Sitandade 4 ndipo wayamba kukonda tinthu toopsa pang'ono, zija zobisala kuseri kwa mpando koma diso limodzi lili pa TV. Ndi kuzizira kwa Julaye kuno ku Mzuzu, kamvula kowaza kaja kosatha, ana sangasewere panja, nde ndinati ndimupezere mafilimu a mtundu umenewo omwe nanenso ndingamvereko nyimbo zake. Ndinalemba papepala ndi dzanja langa: Coraline, The Nightmare Before Christmas, Charlie and the Chocolate Factory ya 2005, Harry Potter yoyamba, kenako foda ya nyimbo zokhazokha za m'mafilimu amenewa. Ndinanena katatu konse kuti achimwene, ndikufuna zachizungu, zosamasulira, zopanda DJ. Iye maso ali pa kompyuta, "Osadanda bigi, zonse zili bho, mubwere 4 koloko." Ndinalipiriratu, kupusa kwanga kunali pamenepo.

Madzulo tinakonzeka ngati kukubwera alendo. Tiyi, mbatata yootcha, bulangete limodzi ana awiri, madam, ndi apongozi anga omwe abwera kuchokera ku Ntcheu kudzationa. Magetsi analipo tsiku limenelo, ndikuuzeni, zomwe sizichitikachitika. Ndalumikiza sabufa, ndathimitsa getsi la pabalaza, ndayika Coraline.

Amene munaonerapo mukudziwa mmene imayambira. Palibe munthu akuyankhula. Kumabwera manja opangidwa ndi masingano, akutenga kachidole nkukasomola ulusi, kukatembenuza kunja kukhala m'kati, kukasokanso, kenako nkukaika mabatani m'malo mwa maso. Pansi pa zonsezo pamamveka zeze ndi kwaya ya ana ikuimba motsitsa, mawu okoma ngati nyimbo yogonetsa mwana koma thupi likuchita tsembwe osadziwa chifukwa chake. Mphindi ziwiri zitatu zimenezo ndi zomwe ine ndinalipirira ndalama yanga, olo filimu yonseyo akanaidula.

Kwaya yangoyamba chonchi, mwana wanga wakoka bulangete mpaka pamphuno, kenako PWIIII sairini ngati ambulansi yalowa m'nyumba, munthu akukuwa dzina lake katatu ndi eko, wayamba kupereka moni kwa anyamata a pa siteji ya kabaza, kwa mlamu wake, kwa ogulitsa tchipisi, nambala ya foni ikuyenda pansi pa sikirini. Akuti "eee anthuni taonani chidole cha kwa asing'anga ichi, apa munthu walodzedwa basi." Ndiye chomwe chinandipweteka kwambiri si kulongolola kwakeko ayi, ndi choti anthu amenewa akamayankhula amatsitsiratu mawu onse a filimu, akapuma mpweya amawabwezera, akayambanso amawadula. Kwaya ija inkamveka ngati mwana akuseweretsa batani la wailesi, kuyatsa kuthimitsa kuyatsa kuthimitsa. Komanso fayiloyo anaifinya kuti izikwana m'timafoni ting'onoting'ono, nde zeze uja ankamveka ngati munthu akukanda malata. Mxii. Ndinadzuka nkukaima panja pa kamvula kaja kuti mutu uzizire.

Mwina ena mukuti akuluwa akukokomeza, nyimbo ya katuni nayonso. Tamverani. Nyimbo za Coraline anapeka Bruno Coulais, Mfalansa, filimuyo inatuluka 2009, okesitira anajambulira ku Budapest ndipo ana oimbawo ndi a kwaya ya ku Nice. Mawu omwe anawo akuimba si Chifalansa, si Chizungu, si chiyankhulo chilichonse, anangowapanga dala kuti khutu lizifunafuna tanthauzo osalipeza, nchifukwa chake mtima sukhazikika. Ife izi si zachilendo kwenikweni. Kumbukirani nthano za agogo madzulo pamoto, padangotero, tilitonse, ikafika paja chilombo chaima pakhomo chikuimba ndi mawu a mayi ake a mwana kuti atsegule chitseko. Kanyimbo kake kamakhala kokoma, tonse timavomera, koma mwendo wina uli kale pafupi ndi agogo. Agogo sankaima pakati pa nyimbo nkuyamba kulongosola kuti apa ndiye pali zoopsa, nyimbo inkagwira yokha ntchitoyo. Tangoganizani munthu wina atalowa pamenepo ndi sairini.

Foda ya nyimbo ndiye musafunse. Ataona mawu oti Christmas papepala langa wandiikira nyimbo za Khirisimasi makumi angapo, mu Julaye. Ya Harry Potter anaipeza inde, koma ya amapiano, kanyimbo kaja ka John Williams, wopeka nyimbo za filimuyo, kakungoyamba kenako bezi gu gu gu mpaka makapu akuvina pa tebulo.

M'mawa mwake ndinakwera kabaza kubwerera. Ndinayamba mwaulemu ndithu, ndati achimwene, dzulo tinagwirizana chani? Wandiyang'ana ngati sanandioneko chibadwire. Ndamuonetsa pepala, nkuti "aaa madala, zomasulirazo ndi zomwe anthu amafuna, ndinaona kuti ndikuthandizeni ana azimva." Dzulo ndinali bigi, lero ndakhala madala. Ndamufunsa za foda ya nyimbo, wayankha mawu omwe mpaka pano akundizungulira m'mutu, "Koma madala nyimbo yopanda mawu ndi nyimbo? Imeneyo ndi biti chabe, woimba sanabwere." Anyamata omwe anali pabenchi kudikira ma memole khadi awo anafa nacho chiseko. Ine munthu wamkulu ndili ndi ana, ndayamba kufotokozera anthu osafuna kumva kuti okesitira ndi anthu makumi ambiri, mavayolini, zitoliro, malipenga, ng'oma, aliyense ndi pepala lake, wina akuti "nde onsewo palibe olo mmodzi wodziwa kuimba ndi pakamwa?" kkkk pano ndikuseka koma tsiku limenelo ayi. Za kubweza ndalama anakaniratu, akuti ntchito inagwirika. Ndinamuponyera flashi pa tebulo nkutuluka, ndafika ku Katoto ndi pomwe ndinakumbukira kuti flashiyo ndi yanga, ndinagula ndekha ndipo muli manotsi a kwaya.

Chilungamo chake ndinene, usiku uja wokwiya ndinali ndekha m'nyumba monse. Ndikubwera panja paja ndinapeza apongozi akupukuta misozi ndi chitenje chifukwa cha kuseka, akuti mnyamata womasulirayu ndi wanzeru, ndipo nkhani yonse anaitsata mpaka kumalangiza kamtsikana ka mufilimuko kuti iwe usalowe kukhomo limenelo. Chizungu samva, ndiye popanda DJ uja bwenzi akuwodzera. Madam anangoti bambo a mwana khalani pansi, anthu tikusangalala. Ndinakhala pansi koma mbatata sinatsike.

Patapita masiku atatu nambala yachilendo yandiflasha kawiri. Ndaimba, ndi iyeyo. "Bigi, tabwerani mudzatenge katundu wanu." Ndabwerera kukhala bigi. Ndinapita nditakonzeka kukangana, koma ndisanafike pakhomo ndinaima kaye. Sipika ija, yomwe chaka chonse imagwedeza msewu ndi amapiano, ikulira kwaya yopanda mawu, uuu aaa, ndi timabelu pamwamba pake, mayi wina wogulitsa nthochi pafupi wangoti kukamwa yasa kuyang'ana sipikayo ngati kwagwa maliro a munthu wolemera. Ndinaizindikira pompo, ndi ya mu Edward Scissorhands ya 1990, paja mtsikana akuvina pansi pa tizidutswa ta ayezi. Ine imeneyo sindinailembe papepala, si ya ana kwenikweni. Akuti anagula bandulo ya usiku nkuyamba kufufuza, waona kuti mafilimu awiri papepala langa nyimbo zake anapeka munthu mmodzi, Danny Elfman, nde anangotsatira dzinalo mpaka kukacha.

Anandikhazika pa benchi, anyamata aja kulibe, nkundifunsa motsitsa ngati akuopa kumvedwa, "Chija chikulira ngati mabelu koma si mabelu ndi chani?" Apa ndiye anandigwira pofewa. Ndamuuza kuti chimatchedwa celesta, ukachiona ungati kapiyano kakang'ono, koma m'kati timahamala timamenya tizitsulo m'malo mwa mawaya. Anachipanga ku Paris mu 1886, wopeka nyimbo wa ku Russia Tchaikovsky nkuchitchukitsa mu 1892, ndipo ndi chomwecho chimayambitsa nyimbo ya Harry Potter ya 2001 yomwe iwe unandiikira ya amapiano. Waseka, wati pepani bigi. Pepani ameneyo ndinamudikira masiku atatu. Ndamuuzanso kuti Elfman yemweyo asanayambe za mafilimu anali woimba wa bandi ya Oingo Boingo, ndipo mu Nightmare ya 1993 nyimbo zonse za Jack wachigaza uja akuimba ndi iye mwini, mu Charlie namonso mawu onse a timaanthu tija ta Oompa Loompa tikamaimba ndi pakamwa pake pomwe, anangojambula kambirimbiri nkusanjikiza. Akuti nde woimba anabwera eti. Ndati anabwera mphwanga.

Musaganize kuti tapangana ubale. Bandulo ya usikuyo anandilipiritsa ine, pa cholakwa chake. Harry Potter yomwe wandipatsa ili ndi malemba a Chiarabu pansi osachotseka, Charlie imadumpha pakati penipeni pa boti lija, ndipo manotsi anga a kwaya anafufuta poyeretsa flashi, akuti munali vayirasi. Koma Coraline ndi Nightmare zili bwinobwino, mawu ake oyera, foda ya nyimbo nayo ili ndi zenizeni, mpaka wawonjezeramo za Thomas Newman za mu filimu ya Lemony Snicket ya 2004 zomwe ndinazisaka kalekale osazipeza. Mukapita kumeneko musalipiriretu, muuzeni atsegule filimu iliyonse inu muli pomwepo mumvere poyambira ndi pakati, osangoona chithunzi nkunyamuka ngati ine.

Loweruka tinaonera Coraline kachiwiri, yopanda DJ. Apongozi anagona isanafike theka. Mwana wanga ndiye sanaseke olo kamodzi, nkhani akuidziwa kale yonse koma kwaya ija itangoyamba anasiya bulangete nkubwera kudzakhala pamwendo panga, zala zake zazizira zandigwira dzanja mwamphamvu, pofika paja mayi wa maso a mabatani wa mufilimumo akumupatsa Coraline kabokosi ka mabatani ndi singano ndinamva kamtima kake kakugunda pamkono wanga. Ine mumtima ndikuti ehee, izi ndi zomwe ndimanena. Usiku umenewo anakana kugona kuchipinda kwawo, wagona pakati pathu mapazi ali kukhosi kwanga, m'mawa wa Sabata wakana juzi yake ya kutchalitchi chifukwa ili ndi mabatani akuda, kunja kukuzizira chonchi. Madam sakundiyankhula bwinobwino mpaka lero, akuti mwaona zeze wanuyo.

Dzulo mwanayo wabwera, "Adadi, ndikufuna ija ya ankolo oseketsa aja, inayi ikumandiopsa." Ija ya ankolo oseketsa inapita limodzi ndi manotsi a kwaya. Ndamuimbira mphwanga uja, akuti ilipo bigi, mtengo ndi womwe uja.