MRI ya chiwindi cha amayi: mtengo wowawa koma tsopano tikugona tulo

Amayi anawapeza ndi kachotupa pachiwindi atawaunika pamimba kuno kwathu ku Angonia ku Mozambique, adokotala akuti ine pano sindinganene ngati ndi khansa kapena ayi, kapangitseni MRI, kujambula mkati mwa thupi ndi makina. Kuchokera ku Ulongwe tinaona kuti Lilongwe ndi pafupi kudzera pa malire a Calomue, ndiye tinasintha mameticais n'kupita pa kiliniki ina ya pulayiveti, dzina ndisunga. Ndalama ya mbatatesi ya chaka chino inathera pomwepo, musandifunse.

Chondinyansa choyamba, pafoni sanatiuze kuti munthu asadye kwa maola 4, amayi anali atamwa kale phala lawo ndiye tinangokhala pabenchi mpaka masana, kenako akuti ayezedwe kaye impso poti mankhwala omwe amabaya mumtsempha aja, gadolinium, amatulukira ku impso, bilu inanso imeneyo.

Koma mtsikana woyendetsa makinawo ndamugomera. Anawavula ndolo ndi kapini ka paduku modekha, n'kuwafotokozera kuti chimakina chimenechi ndi maginito amphamvu, si X-ray. Phokoso lake ngati chigayo cha dizilo, amayi anachita mantha, iye amangoti "amayi kokani mpweya, gwirani, musagwedezeke... tulutsani, mwakhoza" mpaka mphindi 40 zinakwana.

Pomwe ndinaona kuti ndalama sinapite pachabe ndi pa zotsatira. Adokotala anatitembenuzira kompyuta n'kutionetsa zithunzi motsatizana, akuti chomwe amayang'ana ndi momwe chotupacho chikumwera mankhwala aja. Khansa yoyambira m'chiwindi kawirikawiri imawala msangamsanga kenako n'kuzilala kuposa chiwindi chonse, pomwe ka amayi kamayamba kuwala m'mphepete timadontho timadontho n'kumadzaza pang'onopang'ono kulowa mkati. Dzina lake hemangioma, timitsempha ta magazi topiringizana basi, si khansa, sipafunikanso kudula kanyama kokayeza. Anatiuzabe kuti tonse pakhomo tikayezetse matenda a chiwindi a hepatitis B, ndipo mtedza ndi chimanga chachuku tizitaya chifukwa zimenezo ndiye zimadya chiwindi mwakachetechete.

Kungoti zotsatirazo zinatenga masiku 3, kuolokanso malire kachiwiri, pomwe akanatha kungotumiza pa WhatsApp. Mukamapita funsiranitu za kudya ndi za impso, mutengenso mapepala onse akale. Amayi pobwerera tili mu chapa (minibasi) anayamba kundikalipira kuti ndolo zawo ndaika kuti.