Caicedo, Rice kapena anayi a Liverpool aja, anagula bwino pakati ndani?

Nkhani iyi sikutha ku baraka komwe timaonera mpira kuno ku Ulongwe, Loweruka lapitali inafika poti alamu anga, amene Chelsea ndi moyo wawo, anachita kukwera pa benchi kuti amveke. Ndiye ndati ndingolemba aliyense awerenge ali phee, poti pabaraka paja sungamalize kulankhula wina asanakudule. Ndineneretu, ine ndi wa Liverpool, amene akufuna kunditukwana ayambiretu pompano.

Tikukamba za msika wa 2023, umene matimu atatu, Arsenal, Chelsea ndi Liverpool, anapita kukasaka munthu wapakati, nambala sikisi, uja wolanda mpira patsogolo pa otchinga kumbuyo. Tikatenga masizoni awiri oyamba, 2023/24 ndi 2024/25, titha kuyeza, si paja tinkangokangana ndi mavidiyo a pa YouTube.

Arsenal inatenga Declan Rice ku West Ham ndi 105 miliyoni ya mapaundi. Chelsea inatenga Moises Caicedo ku Brighton ndi 115 miliyoni, nkuonjezanso Romeo Lavia wa Southampton ndi 58 miliyoni mukaphatikiza zapamwamba zolipira pambuyo pake, koma Januwale wa chaka chomwecho anali atagula kale Enzo Fernandez ku Benfica ndi 121 miliyoni ya mayuro. Liverpool inagula anthu anayi, Mac Allister 35, Szoboszlai 60, Endo cha m'ma 16, Gravenberch cha m'ma 34, zonse pamodzi pafupifupi 145 miliyoni. Mtengo wa Caicedo yekha mukausintha ukudutsa 9 biliyoni ya ma metikali athuwa, musandifunse kuti ndi matumba angati a kachewere wa ku Tsangano, mutu ungapweteke.

Tiyambe ndi Caicedo poti ndi amene amabweretsa phokoso. Alamu, ndikuvomera pamaso pa anthu, mnyamata uja ndi katundu. Chiyambi chake chinali chomvetsa chisoni, gemu yake yoyamba ndi West Ham analowa kuchokera pa benchi nkupangitsa penate, Chelsea nkugonja 3-1, ife tinaseka mpaka misozi. Miyezi yoyambirira ankaoneka ngati mtengo uja wamukhala pakhosi. Koma sizoni ya 2024/25 anayamba magemu onse 38 a ligi, osajomba ndi imodzi yomwe, anasankhidwa osewera wabwino wa timu, anagoletsa pa fainolo ya Conference League pomwe anakwapula Betis 4-1, kenako aja a PSG amene aliyense ankawaopa anadya 3-0 pa fainolo ya Club World Cup iyeyo ali pakati. Munthu amalanda mpira ngati wakubera chikwama pa msika wa Calomwe, ukuzindikira iye ali kale uko. Ndipo anabwera ali ndi zaka 21 zokha.

Vuto langa ndi Chelsea si Caicedo ayi, vuto ndi loti anzathu amawerenga Caicedo yekha ngati kuti ndalama zinathera pompo. Nanga Lavia? Sizoni yake yoyamba yonse anaoneka kamodzi kokha m'bwalo, mphindi zongopitirira 30, kwinaku anali kuchipatala. Si mlandu wake, kuvulala sasankha, ndipo akakhala bwino mwana uja amaumenya mpira, koma 58 miliyoni inatuluka. Muphatikize atatuwo, Enzo, Caicedo, Lavia, mupeza kuti pakati pokha panamwa cha m'ma 280 miliyoni ya mapaundi, ndipo pa ligi anathera pa nambala 6 kenako pa nambala 4. Ndiye alamu akamati tinagula bwino ndimawafunsa kuti tinagula ndani, mmodzi kapena onse?

Ena amafunsa kuti nanga Chelsea malamulo a ndalama amawazemba bwanji. Chinsinsi chinali makontirakiti ataliatali. Caicedo anasaina zaka 8, ndiye m'mabuku mtengo uja amaugawa pa zaka zonsezo, chaka chilichonse kumaoneka ngati angowononga cha m'ma 14 miliyoni basi. Nzeru za mkulu wa sitolo zimenezo. UEFA ndi Premier League anadzatseka khomo limenelo mu 2023 momwemo, tsopano kugawako kumathera pa zaka 5. Koma kontirakiti yaitali ili ndi mano ake, munthu akakanika umakhala naye ngati ngongole ya feteleza chaka cha chilala.

Tsopano Rice. Uyu ndiye sindikhala ndi zambiri zomunena, ndipo zimandiwawa. Anabwera ali wopsa kale, zaka 24, kaputeni wa West Ham amene anali atangonyamula chikho cha Conference League ku Prague, ligi ya England akuidziwa ngati njira ya kumunda. Sanafunike nthawi yozolowera. Sizoni yoyamba zigoli 7 pa ligi, kuphatikizapo chija anamwetsa Man United nthawi yoonjezera ndi chamutu chija ku Luton gemu itatsala pang'ono kutha. Makona nawonso amamenya, ndipo inu mukudziwa mmene Arsenal imadyera pa makona. Za mafilikiki awiri aja a Real Madrid mu Epulo 2025 ndisanene, usiku umenewo baraka yonse inaimirira, ngakhale ife adani tinangogwira pakamwa.

Koma pali kanthu. Arsenal inkati yagula nambala sikisi, mapeto ake kochi wawo Arteta anaona kuti Rice amakoma akamathamangira kutsogolo, ndiye kumbuyo kuja ankabwezako Partey kapena Jorginho, mpaka mu 2025 anagulanso Zubimendi ku Real Sociedad kuti akhale pamalo pomwe paja. Ndiye 105 miliyoni inagula osewera wabwino zedi koma dzenje limene ankafuna kukwirira silinakwiririke lonse. Ndipo pa masizoni awiriwa ligi anathera pachiwiri kawiri konse, 2023/24 anafika mapointi 89 City nkuwadutsa ndi awiri okha. Sindingamuimbe mlandu Rice pamenepo, amene ankasowa ndi womwetsa zigoli, imeneyo ndi nkhani ina.

Kwathu ku Liverpool tsono. Apa ndi pamene anzanga a timu yanga amandida, chifukwa iwo amakonda kuyenda chifuwa patsogolo kumati ife ndi anzeru, sitiwaza ndalama. Bodza limenelo achimwene. Tinafika poika 111 miliyoni patebulo kufuna Caicedo yemweyo, Brighton inavomera, mnyamata ndi amene anakana nkunena kuti mtima wake uli ku Chelsea. Tinathamangira Lavia, nayenso anatikana. Henderson ndi Fabinho anali atapita kale ku Saudi, Milner ndi Keita nawonso atachoka, pakati panali pululu. Endo tinamugula mothamanga ku Stuttgart, bambo wa zaka 30, ambiri tisanamumvepo ngakhale anali kaputeni wa Japan. Tsiku limenelo alamu ananditumizira mauthenga pa WhatsApp mpaka foni kutentha.

Ndiye zinangoyenda. Endo anagwira ntchito yake mosadzionetsera, pa fainolo ya Carabao mu Febuluwale 2024 anathamanga mphindi 120 zonse moyang'anizana ndi Caicedo ndi Enzo omwewo, tinapambana 1-0 ndi mutu wa Van Dijk. Gemu yomweyo Caicedo anaponda Gravenberch pa kakolo mpaka kutuluka pa machila, sindinaiwale. Chaka chotsatira Slot atabwera tinafunanso Zubimendi, anakana kuchoka kwawo, ndiye kochi anangoyesa Gravenberch pa sikisi poti panalibe wina. Munthu amene ku Bayern ankatenthetsa benchi anasanduka msana wa timu, tinatenga ligi ya chi 20, iye nkupatsidwa mphoto ya osewera wachinyamata wabwino wa Premier League. Wina andiuze kuti zimenezi zinachita kukonzedwa mu ofesi. Ayi, tinakanidwa katatu, mwayi nkutigwera.

Chimene ndingachitamande ndi mtima wonse ndi Mac Allister. Munthu woti wangotenga kumene World Cup ndi Argentina, ligi akuidziwa, zaka 24, nkumupeza ndi 35 miliyoni chifukwa kontirakiti yake ku Brighton inali ndi mtengo woikiratu ndipo anthu athu anaudziwa msanga. Ku Brighton komweko, pakati pomwepo, awiriwa ankasewera limodzi, wina 35 wina 115. Kodi Caicedo amaposa Mac Allister katatu? Ngakhale alamu pamenepa amangoyang'ana botolo lawo la mowa wa 2M. Szoboszlai ndiye ndili naye pakatikati, amathamanga ngati galu wa uzimba ndipo popanda iye kutsogolo sikufinya, koma pa 60 miliyoni ndinkayembekezera zigoli zochulukirapo.

Anzathu a Benfica, paja kuno mulipo ambiri, inu mumangoseka tonsefe ndipo muli ndi chifukwa. Enzo munamutenga ku River Plate ndi ndalama zosafika 20 miliyoni ya mayuro, anakhala theka la chaka basi, nkumugulitsa 121. Brighton nayo Caicedo inamutola ku Independiente del Valle ya ku Ecuador ndi kandalama kosafika ndi 5 miliyoni yomwe. Koma kugulitsa bwino ndi mpikisano wina, ife tikukamba za ogula.

Ndiye mukandipanikiza kuti ndisanje, ndisanja chonchi. Pa ndalama ndi zimene zinabwerapo, dengu la Liverpool ndi loyamba, anthu anayi pa mtengo wochepera wa Caicedo ndi Lavia, ligi ya 2024/25 nkulowa m'manja, ngakhale theka lake ndi mwayi. Pa munthu mmodzi woti ukagula ugone tulo, Rice. Koma mutati lero ndisankhe mmodzi yekha woti alowe mu timu yanga pa nambala sikisi yeniyeni, wolanda mpira, ndikutenga Caicedo, ndipo alamu musachite kujambula mawu amenewa nkumaonetsa anthu pa chapa. Chelsea ngati timu ndiye ndikuiika kumapeto, anagula katundu wabwino koma mogula ngati munthu amene wangolandira ndalama za fodya.

Ndipo a Liverpool anzanga tichepetse pakamwa, poti mu 2025 ndife amene tinatulutsa 100 miliyoni ya mapaundi pa Florian Wirtz wa ku Leverkusen, imene ingafike 116 zapamwamba zikakwana. Alamu anayambiratu kundiwerengera. Tinagwirizana kuti tidikire magemu khumi oyambirira, Wirtz akapanda kuoneka ndigula nkhuku yowotcha ndine, akaoneka agula ndi iwo.