Kuyeza tristeza: pa mbande kapena ku labotale?

Malalanje akayamba kufota m'munda kuno ku Lilongwe, maso okha sangakuuzeni ngati ndi vayirasi ya tristeza, yomwe imafalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba. Njira yakale ndi kumezanitsa kakhungwa ka mtengo wodwalawo pa mbande ya Mexican lime, womwe ndi mtundu wa timandimu ting'onoting'ono. Vayirasi ikakhalamo, mitsempha ya masamba anthete imaoneka mbee mukawayang'anitsa kudzuwa, ndipo mukasenda khungwa mumapeza timaenje pathunthu. Koma mudikira miyezi, mbandezo mutazitchingira kuti tizilombo tisazifike.

Ku labotale, njira zofufuzira vayirasi m'tizidutswa ta mtengo, zotchedwa ELISA ndi PCR, zimayankha m'masiku ochepa, mtengo usanayambe n'komwe kuoneka wodwala. Pamafunika ndalama ndithu, ndipo ELISA wamba sakuuzani ukali wa vayirasiyo, pomwe mbande imaonetsa. Komabe kwa wogulitsa mbande zambiri, ine ndingati ayambe ndi labotale.