Masipika ndi ampulifaya m'galimoto yatsopano: zomwe zaoneka patatha miyezi 10 pa nkhani ya walanti

Zida zomwe zikuunikidwa pano zinaikidwa m'galimoto ya double cab yomwe idakali pa walanti: masipika anayi a mainchesi 6.5 m'zitseko, ampulifaya ya mtundu wa class D (wosawononga magetsi ambiri) ya 500W RMS (mphamvu yomwe imatulutsa mosalekeza), ndi sabuwufa ya mainchesi 10 kuseri kwa mpando wakumbuyo. Wailesi ya kufakitale inasiyidwa momwe inalili. Zidazi zadutsa m'kutentha kwa Okutobala, m'dzinja lonse la mvula, komanso m'misewu yafumbi ya mabampu. Kamvekedwe kake sikanasinthe, ndipo galimoto yapita ku sevisi kawiri popanda mkangano uliwonse wa walanti. Chomwe chateteza walantiyo ndi kaikidwe kake, osati dzina la zidazo.

Anthu ambiri amaganiza kuti ukangokhudza wailesi, walanti yonse yatha. Sizili choncho. Kampani yogulitsa galimoto imakana kulipira chinthu chomwe chaonongeka chifukwa cha zomwe mwaikazo. Giyabokosi ikavuta, sabuwufa ilibe mlandu. Koma kompyuta yoyendetsa magetsi a m'kati ikapsa, makaniko n'kupeza mawaya odulidwa ndi kukulungidwa ndi tepi kuseri kwa dashibodi, ndalama zituluka m'thumba mwanu, ndipo si zochepa. Ku America izi zili m'lamulo la Magnuson-Moss la 1975, lomwe limatchulidwa kwambiri pa intaneti, koma lamulolo siligwira ntchito ku Malawi. Ku South Africa, malangizo a Competition Commission omwe anayamba pa 1 Julaye 2021 amalola kuika zida zosachokera kwa wopanga galimoto popanda walanti yonse kufa, kupatula pomwe chidacho chaononga. Ku Malawi chokutetezani choyamba ndi mawu olembedwa m'kabuku ka walanti yanu, choncho muwawerenge musanagule ngakhale waya mmodzi. Mukasemphana ndi kampani, madandaulo a ogula amapita ku Competition and Fair Trading Commission.

Mbali yomwe yathandiza kwambiri ndi yosaoneka n'komwe. Palibe waya wa kufakitale womwe unadulidwa. Mawu anatengedwa kudzera pa T-harness, pulagi yomwe imalowa pakati pa wailesi ndi mawaya a galimoto, kenako n'kupita ku line output converter yomwe imatsitsa mphamvu ya mawu kuti ampulifaya ilandire bwino. Mukaizula, galimoto imabwerera momwe inachokera kufakitale m'mphindi zochepa. Izi n'zofunika chifukwa kuseri kwa wailesi za masiku ano kumadutsa mawaya awiri opotana a CAN bus, omwe makompyuta a galimoto amalankhulirana. Wina akabaya waya wotere pofufuza magetsi ndi kababu koyesera, nyali zochenjeza zimayamba kuyaka padashibodi, ndipo makompyuta a galimoto amasunga mbiri ya vutolo, yomwe makina a kusevisi amaiwerenga ngakhale nyaliyo itazima. Mapulagi achikasu ndi a airbag. Amenewo osawayandikira.

Pa magetsi, masamu ake ndi awa. Ampulifaya ya class D imagwiritsa bwino ntchito pafupifupi 80 peresenti ya magetsi omwe yakoka. Ndiye 500W pa 13.8V imafuna ma ampere pafupifupi 45 ikamalira mpaka kumapeto, ngakhale nyimbo wamba sizifika pamenepo nthawi zonse. Alternator ya kufakitale, chipangizo chopanga magetsi ndi kutchaja batire, ikukwanitsa izi bwinobwino: injini ili mkati moyenda, AC ndi nyali zili zoyaka, mita pa batire siikutsika pansi pa 13V. Mukapitirira 1,000W nkhani imasintha. Nyali zimayamba kuphethira motsatira besi, alternator imatentha, ndipo ikafa msanga kampani ili ndi chifukwa chomveka chokanira.

Waya wamphamvu, wochokera ku batire kupita ku ampulifaya, ndi wa 4 AWG (muyezo wa kunenepa kwa waya) wa kopa yeniyeni. Pamsika padzaza waya wa CCA, womwe ndi aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba. Ndi wopepuka m'manja, ndipo mukaupala ndi mpeni umaonetsa kuyera mkati. Umatentha msanga, ndipo chinyezi chikaulowa kumapeto kwake umasanduka ufa woyera. Fyuzi ya 60A ili pamtunda wosapitirira masentimita 45 kuchokera pa batire. Anthu ambiri amalakwitsa apa poika fyuzi pafupi ndi ampulifaya. Fyuziyo ntchito yake n'kuteteza waya, kuti ukakhudza chitsulo pena pake panjira, fyuzi ipse m'malo mwa galimoto. Waya wadutsa pa labala ya kufakitale yomwe ili pakhoma lolekanitsa injini ndi m'kati, popanda kuboola paliponse. Bowo latsopano limabweretsa dzimbiri, ndipo walanti ya dzimbiri siigwira pamalo omwe mwaboola nokha. Komanso pansi pa galimoto pamadutsa mapaipi a mafuta ndi a mabuleki, ndiye sikulu yomangira bokosi la sabuwufa ikhoza kuboola chinthu chomwe simukuchiona.

Vuto lenileni m'miyezi 10 lakhala limodzi, ndipo linachokera pa waya wa earth, womwe umalumikiza ampulifaya ku chitsulo cha galimoto. Cha m'mwezi wachisanu ndi chimodzi munayamba kumveka kaphokoso konga mluzu m'masipika, kokwera ndi kutsika motsatira injini. Bawuti ya earth inali itamasuka ndi mabampu, ndipo pansi pake panali timadontho ta dzimbiri. Kukonza kwake: kupala chitsulo mpaka chiwale, kuika washala ya mano, kumanga mwamphamvu, ndi kupaka girizi pamwamba. Phokoso linatheratu. Waya wa earth ukhale waufupi, wosapitirira masentimita 45, ndi wonenepa mofanana ndi wamphamvu uja. Musaumangirire pamutu wa negetivu wa batire ngati pali kachipangizo koyeza magetsi, chifukwa magetsi a ampulifaya amakalambalala, kompyuta n'kumawerenga molakwika ndi kutchaja batire mosayenera.

Batire ndi pomwe mikangano yambiri ya walanti imayambira. Ampulifaya ikapanda kuzima mukachotsa kiyi, imamwa batire usiku wonse, ndipo batire yomwe yaphwa kangapo siibwereranso mwakale. Kuyeza kwake n'kosavuta. Zimitsani zonse, tsekani zitseko, ikani mita pakati pa batire ndi waya wa negetivu, kenako dikirani mphindi 30 kuti makompyuta agone. Chiwerengero chikhale pansi pa ma milliampere 50 (50mA). Pano chakhala chili pansi pa malirewo, ndipo galimoto imalira kamodzi ngakhale itaima sabata yathunthu. Yezani tsiku loika, yezaninso pakatha miyezi itatu.

M'zitseko, pulasitiki yotchinga madzi yomwe ili kuseri kwa chivundikiro inamatidwanso bwino ataika masipika. Oika ena amaing'amba n'kuitaya, ndipo mvula ikayamba madzi amafika pa maswichi a mawindo. Windo likaleka kukwera chifukwa cha zimenezi, walanti palibe. Masipika anakhala pa mphete zapulasitiki zolowa m'mabowo akale. Mphete zathabwa la MDF zimamwa madzi n'kufufuma dzinja limodzi lokha, choncho musalole kuti akuikireni. Zomata zochepetsa kunjenjemera kwa chitseko ndi za labala ya mtundu wa butyl, ndipo sizinasungunuke ngakhale galimoto imakhala padzuwa. Zaphula zotchipa zija zimanunkha ndi kuyenderera kukatentha, mpaka kutseka timabowo totulutsa madzi pansi pa chitseko.

Zosakondweretsa zilipo ziwiri. Sabuwufa yadya malo a jeki, yomwe tsopano imakhala pansi pa mpando. Ndipo timapini tiwiri ta chivundikiro cha chitseko tinathyoka pochotsa, chitseko n'kumalira pa besi mpaka tatsopano titaikidwa. Kulira kotere kampani siikukonzerani ulere, chifukwa chitsekocho chinatsegulidwa ndi munthu wina.

Musanaike, lemberani a sevisi ku kampani yomwe munagulako galimoto, muwauze zida zomwe mukufuna kuika ndi kaikidwe kake, ndipo yankho lawo likhale lolembedwa. Jambulani zithunzi za mapulagi asanatseke dashibodi, za fyuzi, ndi za bawuti ya earth. Sungani lisiti yosonyeza ntchito yomwe inagwiridwa, pamodzi ndi masipika akale m'katoni. Popita ku sevisi ndi vuto la magetsi, zulani fyuzi ya ampulifaya a makaniko akuona, kuti ayeze galimoto ili payokha.