Ulendo wa pa boti wa ku Morris Island: mbiri yake njogwira mtima, koma nthawi imachepa

Ndapereka nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ku chilumba cha Morris Island, kufupi ndi Charleston ku South Carolina m'dziko la America, kulibe msewu ngakhale mlatho, ndiye kopanda boti simungafikeko. Mtengo ndi wokwererapo, koma mayi amene ankatifotokozera mbiri anachititsa kuti ndisadandaule ndi ndalama zanga.

Ambiri amangodziwa za madzulo a pa 18 July 1863, pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, pamene asilikali akuda a gulu la kumpoto la 54th Massachusetts, amene analowa usilikali mwa kufuna kwawo, anathira nkhondo linga la asilikali a kummwera la Fort Wagner, limene linali pachilumbachi. Mwa amuna pafupifupi 600, oposa 250 anaphedwa, kuvulala kapena kugwidwa, ndipo mtsogoleri wawo Robert Gould Shaw anafera pomwepo. Mayiwa zimenezi anangozidutsa mwachidule, n'kukhazikika pa moyo wa m'misasa, ndipo n'chimene ndinakonda koposa. Anyamatawa anali atamenya kale nkhondo ku James Island pa 16 July, n'kuyenda usiku m'matope mvula ili pamsana, moti anafika ku Wagner ali ndi njala ndi tulo. Atalephera kulanda lingalo sanabwerere kwawo ayi. Anatsala pachilumbapo akukumba ngalande mumchenga, mizinga ikuwagwera, mpaka adani anathawa okha pa 7 September. Dzuwa linkawawamba, tizilombo tamumchenga tinkawaluma, ndipo matenda otsekula m'mimba ankagwetsa anthu ambiri.

Kuti timvetse za madzi, anatiuza kuti tifukule mchenga ndi manja. Dzenje lisanafike m'chigongono, madzi oderako anayamba kutumphuka. Ndinalawa kadontho: mchere wokhawokha. Pamene ndinkapukuta m'manja ndi pamene anatchula za malipiro. Msilikali woyera ankalandira madola 13 pamwezi, koma akudawa boma linkafuna kuwapatsa 10, n'kudulapo 3 ya zovala. Anakana kulandira ngakhale senti kwa miyezi pafupifupi 18, mabanja awo akuvutika kumudzi, mpaka malipiro anafanana mu 1864. Zinandiwawa kumva zimenezi nditaimirira pamchenga womwewo.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa izi. Nthawi yambiri ya pachilumba inathera kutola zigoba ndi mano a shaki chifukwa ena anabwerera zimenezo, ndipo mafunso athu anatsala m'kamwa. Komanso pogula tikiti sakuuzani kuti malo amene panali lingalo anakokoloka ndi nyanja kalekale. Chimene mudzaone ndi nsanja younikira zombo ya mu 1876, imene pano yaima pakati pa madzi. Injini nayo imasokosa kwambiri, ndiye khalani kutsogolo kwa boti kuti mumve bwino. Tengani madzi akumwa ndi chipewa, pagombepo palibe mthunzi ngakhale chimbudzi.